Teachable Machine m'kalasi: mmene mango anaphunzitsira ana kuti makina amakondera

Kwa masabata anayi a teremu yapitayi ndinagwiritsa ntchito Teachable Machine, pulogalamu yaulere ya kampani ya Google, pophunzitsa ana a Folomu 3 a mu kalabu yathu ya sayansi mmene kukondera kumalowera mu nzeru za makina zimene ambiri akungozitchula kuti AI. Ndikulemba izi chifukwa aphunzitsi anzanga angapo andifunsa ngati chipangizochi n'choyenera kuwonongera nthawi ndi bandulo, ndipo yankho langa ndi lakuti inde n'choyenera, koma mphunzitsi ayenera kudziwiratu pamene chimalekezera.

Pulogalamuyi inatuluka koyamba mu 2017, ndipo imene ilipo tsopano, yokonzedwanso, inatuluka mu 2019. Simuigula, simuilowetsa mu kompyuta, ndiponso simufunika akaunti kuti muyambe. Mumangotsegula tsamba lake pa intaneti n'kusankha ngati mukufuna kuphunzitsa makina kuzindikira zithunzi, mawu, kapena kaimidwe ka thupi. Mukasankha zithunzi mumapanga magulu awiri kapena oposerapo, mumawapatsa mayina, mumaonetsa kamera zitsanzo za gulu lililonse, kenaka mumadina batani lolembedwa kuti Train Model. Pakapita kanthawi kochepa makinawo amayamba kulosera chilichonse chimene mwaika patsogolo pa kamera, ndipo pansi pamaoneka timizere tamitundu tosonyeza kuti akutsimikiza ndi maperesenti angati. Kuphunzitsa konseku kumachitikira mu kompyuta yanu yomweyo, kutanthauza kuti zithunzi sizitumizidwa kwina pokhapokha inu mutasankha kusunga ntchito yanu pa Google Drive, malo a Google osungirako mafayilo pa intaneti. Kwa ine mfundo imeneyi inali yaikulu pa zifukwa ziwiri: zithunzi za ana a eni sizichoka m'chipindamo, ndipo bandulo siitha msanga monga ndinkaopera.

Maganizo a phunziroli ndinawatenga ku maphunziro amene Blakeley Payne anakonza ku MIT Media Lab, malo ofufuzira a pa yunivesite ya MIT ku United States, mu 2019, mmene ana amapatsidwa dala zithunzi zambiri ndi zosiyanasiyana za amphaka koma zochepa za agalu, kuti aone okha makina akulakwitsa pa agalu. Ine ndinaona kuti zithunzi zokonzedwa kale zikanawachititsa ana athu kuganiza kuti cholakwacho anachipanga ndi munthu wina wakutali, choncho ndinasankha mango, popeza inali nyengo yake ndipo mwana aliyense amadziyesa katswiri pa nkhani ya mango. Ndinagawa anawo m'magulu atatu malinga ndi malaputopu amene tinali nawo, ndipo ntchito inali imodzi: phunzitsani makina kusiyanitsa bango lakupsa ndi losapsa. Sindinawachenjeze za chilichonse.

Gulu loyamba linachita zimene munthu aliyense akanachita. Linasonkhanitsa timango ting'onoting'ono tachikasu n'kutiika m'gulu la akupsa, ndipo obiriwira onse linawaika m'gulu la osapsa. Makina anaphunzira msanga ndipo ankakhoza nthawi iliyonse, moti anawo anayamba kuwomba m'manja. Apa mtsikana wina anatulutsa m'chikwama bango lalikulu la mtundu uja umene umapsa khungu lake likadali lobiriwira, lofewa ndi lonunkhira moti aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti lapsa, koma makina ananena motsimikiza kwambiri kuti ndi losapsa. Sindinafunike kufotokoza kalikonse, chifukwa mnyamata amene ankagwira kamera ananena yekha kuti, "Aphunzitsi, sitinawaonetse mango oterewa." Phunziro lonse la kukondera kochokera ku zitsanzo zoperewera linali m'chiganizo chimenecho, ndipo linatuluka m'kamwa mwa mwana, osati mwanga. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya chipangizochi, ndipo sindikudziwa buku kapena bolodi limene lingachite zimenezi m'mphindi khumi.

Zimene zinachitika m'gulu lachiwiri zinali zozama kuposa pamenepa, ndipo ndinathera nthawi yambiri pa izo. Anawa anali osamala, anasakaniza mitundu ya mango bwinobwino, koma pofuna kufulumira anagawana ntchito: mmodzi, amene anavala juzi ya sukulu, ankanyamula akupsa, ndipo wina, wa malaya a manja aafupi, ankanyamula osapsa. Poyesa zonse zinkayenda bwino mpaka pamene anasinthana, ndipo makina anayamba kunena kuti bango lililonse limene lili m'dzanja la wajuzi ndi lakupsa. Kenaka wajuzi uja anaonetsa dzanja lopanda kanthu, ndipo mzere wa akupsa unakwerabe. Makinawo sanaphunzire za mango nkomwe. Anaphunzira za juzi, chifukwa juziyo ndi imene inali chizindikiro chophweka kwambiri chosiyanitsira magulu awiriwo. Palibe mwana amene anali ndi cholinga choipa, palibe amene ananama, koma zotsatira zinakhota, ndipo mfundo imeneyi ndi yovuta kwambiri kuifotokoza ndi pakamwa popeza ana, ngakhalenso akuluakulu, amakhulupirira kuti pamene pali kukondera payenera kukhala munthu wamtima woipa.

Tsiku lotsatira tinayesa mawu. Mbali imeneyi imafuna kuti muyambe mwajambula phokoso la m'chipinda kwa masekondi 20 kuti makina adziwe mmene pamamvekera pamene palibe akulankhula, zimene m'kalasi ya ana ambiri yokhala ndi denga la malata sizophweka, ndipo tinachita kusamukira m'kachipinda kosungira mabuku. Anyamata atatu anajambula mawu akuti "inde" ndi "ayi", ndipo atsikana atabwera kudzayesa makina ankasokonezeka kawirikawiri. Funso limene linandisangalatsa kwambiri linachokera kwa mwana amene kwawo amanena kuti "eya", yemwe anafuna kudziwa chifukwa chimene mawu akewo sanawerengedwe ngati kuvomera. Tinakambirana kuti amene amasankha mayina a magulu ndiye amene amasankha zimene makina adzazione ngati zolondola, ndipo kusankha kumeneko kumachitika chithunzi kapena liwu loyamba lisanajambulidwe. Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anawo anaona kuti makina athu tinawalerera m'dziwe limodzi, la anyamata atatu olankhula mofanana.

Pokhapokha ana ataona zimenezi ndi maso awo m'pamene ndinawauza za kafukufuku wa Gender Shades amene Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anatulutsa mu 2018. Awiriwa anasonkhanitsa nkhope 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo a ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, n'kuyesa mapulogalamu a makampani, omwe ndi a IBM, Microsoft ndi Face++, amene ankalosera ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna a khungu loyera kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti, pamene pa akazi a khungu lakuda kunafika 34.7 peresenti. Ndikanayamba ndi manambala amenewa ana akanangowalemba m'makope n'kuwaiwala, koma atadutsa pa bango lobiriwira lija anamvetsa nthawi yomweyo kuti akazi akuda ayenera kuti ndiwo anali ochepa m'zitsanzo zimene makinawo anaphunzirira. Ndinaonjezera nkhani ya Robert Williams, bambo wa khungu lakuda amene apolisi a mumzinda wa Detroit ku United States anamumanga mu Januwale 2020 makina ozindikira nkhope atamusokoneza ndi munthu wina, kuti anawo adziwe kuti cholakwa chotere chikatuluka m'kalasi chimagwera munthu weniweni. Ndinene pano kuti sindinalole ana kudzigawa okha m'magulu potengera khungu kapena nkhope zawo, ngakhale kuti ena anapempha ndipo pulogalamuyi ingathe kutero. Mwana amene makina amulephera pamaso pa anzake amapita kunyumba ndi chilonda, ndipo mango amaphunzitsa mfundo yomweyo popanda wovulala.

Tsopano ndifike pamene chipangizochi chimaperewera. Choyamba ndi timizere ta maperesenti tija. Makinawa alibe njira yonenera kuti sakudziwa, chifukwa amagawa maperesenti 100 pakati pa magulu okhawo amene munawapatsa, moti mukawaonetsa nsapato amakakamizika kunena kuti ndi bango lakupsa kapena losapsa, ndipo nthawi zambiri amatero ndi nambala yaikulu. Mwana akaona nambala yotere amaiyesa umboni wa choonadi, pamene ikungonena gulu limene chinthucho chikufanana nalo kwambiri. Mphunzitsi amene sayesa dala chinthu chachilendo ngati nsapato adzasiya ana ake akukhulupirira makina kuposa mmene anawapezera. Mankhwala ake ndi kupanga gulu lachitatu la zinthu zimene si mango, koma pulogalamuyi sikukumbutsani kutero pa zithunzi.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Chifukwa chimene makinawa amaphunzirira msanga ndi zithunzi zochepa n'chakuti sayambira pa chiyambi. Amatsamira pa makina ena otchedwa MobileNet, amene anaphunzitsidwa kale ndi nkhokwe yaikulu ya zithunzi yotchedwa ImageNet, ndipo ana amangophunzitsa kachigawo kotsiriza. Ofufuza anapeza kuti zithunzi pafupifupi 45 pa 100 zilizonse za mu ImageNet zinachokera ku United States, dziko lokhala ndi anthu 4 okha pa 100 alionse a pa dziko lapansi. Izi zikutanthauza kuti pansi pa ntchito ya ana athu pali maso amene anaphunzira kuona kwina, ndipo mwana sangawaone kapena kuwasintha. Pali malo olembedwa kuti Under the hood amene amaonetsa mmene makina akhozera pa gulu lililonse, pogwiritsa ntchito zitsanzo 15 pa 100 zimene amazipatula kuti zikhale zoyesera, ndipo ndi othandiza, koma zoyeserazo zimachokera mu mulu womwewo. Gulu la juzi lija linakhoza bwino kwambiri pamenepo, chifukwa mayeso ake analinso ndi juzi.

Chachitatu ndi chimene ndikuchiona kuti n'choopsa kuposa zonse, ndipo sichichokera ku kulephera kwa pulogalamuyi koma ku kupambana kwake. Ana akaonjezera mango obiriwira akupsa n'kuona makina akukhoza, amatuluka ndi chikhulupiriro chakuti kukondera kulikonse kumatha poonjezera zitsanzo. Sizili choncho. Mu 2018 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linaulula kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yosankhira ofuna ntchito itazindikira kuti inkatsitsa makalata okhala ndi mawu otchula akazi, chifukwa inaphunzitsidwa ndi makalata a zaka 10 amene ambiri anali a amuna. Zitsanzozo sizinali zabodza. Zinkaonetsa molondola mbiri imene inali yokondera kale. Chimodzimodzi ku England mu 2020, mayeso atalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, bungwe loyang'anira mayeso la Ofqual linagwiritsa ntchito njira ya masamu yotsamira pa mmene sukulu inkakhozera m'zaka zam'mbuyo, ndipo magiredi pafupifupi 40 pa 100 alionse amene aphunzitsi anapereka anatsitsidwa, mpaka boma linabweza ganizolo patangopita masiku ochepa. Nkhani imeneyi ndi imene inawakhudza kwambiri ana anga, amene akuyembekezera mayeso a MSCE, ndipo mmodzi anafunsa chimene chingachitikire mwana wanzeru wa pa CDSS ngati giredi yake itawerengedwa potengera anzake amene anadutsa pasukulupo iye asanabwere. Funso limenelo Teachable Machine singalionetse pa sikirini, ndipo linatitengera phunziro lathunthu lopanda kompyuta.

Za kagwiritsidwe ntchito ndinene mwachidule. Pamafunika laputopu kapena kompyuta yokhala ndi kamera, popeza tsambali linakonzedwera makompyuta osati mafoni, ndipo apa ndi pamene masukulu ambiri a kwathu angagwere. Zithunzi zojambulidwa pa foni mungathe kuzisamutsira pa laputopu n'kuzilowetsa, ndipo njira imeneyi inatithandiza kuti ana ajambule mango kumudzi, pa mphasa ndi pansi pa mtengo, m'malo mwa pa desiki pokha. Mawu a pa sikirini tinkawawerenga m'Chingerezi, koma ndi ochepa, ndipo mayina a magulu tinkalemba m'Chichewa popanda vuto. Muzisunga ntchito yanu ngati fayilo mukangomaliza gawo lililonse, chifukwa tsiku lina magetsi atazima laputopu ya batire lotha inazima nawo, ndipo gulu lachitatu linataya zithunzi zonse za masana amenewo.

Kwa mphunzitsi amene ali ndi laputopu ngakhale imodzi ndi ana osapitirira 20 pa nthawi imodzi, ndikulimbikitsa chipangizochi mosakayika, bola apatule maphunziro awiri a pa kompyuta ndi ena awiri a zokambirana. Kwa kalasi ya ana 80 ndi laputopu imodzi, n'kwabwino kuchigwiritsa ntchito mu kalabu kusiyana ndi mu phunziro la onse, chifukwa phindu lake lili m'manja a amene akugwira kamera, ndipo woonerera kumbuyo sapindula kwenikweni. Teremu ikubwerayi mango adzakhala atatha, choncho anawo agwirizana kuti tidzayese ndi masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi ndi osadyedwa, ndipo mtsikana wa bango lobiriwira uja wapempha kale kuti masambawo adzachokere m'minda yosiyanasiyana ndiponso kuti aliyense adzavule juzi.