Digital Wellbeing: Pulogalamu Yowerenga Maola Amene Timathera pa Foni

Ndimagulitsa usipa wouma wochokera ku Senga Bay pamsika wa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti foni sichoka m'manja mwanga chifukwa cha makasitomala a ku Lilongwe amene amaitanitsa nsomba pa WhatsApp. Mwezi wathawu mnyamata wokonza mafoni, atandisinthira galasi losweka, anandionetsa Digital Wellbeing, pulogalamu imene Google inayamba kuika m'mafoni a Android mu 2018. "Amayi, taonani apa," anatero akubisa kuseka.

Tsiku limenelo foni inali itandidyera maola 6, koma WhatsApp ya malonda inatengapo mphindi 40 zokha. Zotsalazo zinathera pa Facebook ndi TikTok, kumene kanema akatha wina amayamba yekha, ndipo tsamba silifika pothera ngakhale chala chitope bwanji. Apa ndi pamene pulogalamuyi ndikuiyamikira kwambiri, chifukwa imagawa nthawi molingana ndi pulogalamu iliyonse, moti munthu amaona yekha kuti chomumanga si intaneti yonse ayi, koma masamba a mchezo awiri kapena atatu. Imawerenganso kuti foni mwaitsegula kangati, ndipo chiwerengero changa sinditchula pano chifukwa cha manyazi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi masewera a pakompyuta ndi matenda, koma masamba a mchezo silinawaike m'gululo. Komabe limodzi mwa mafunso 20 amene Kimberly Young, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anakonza mu 1998 poyeza kukomedwa ndi intaneti limafunsa ngati munthu amakhalitsa pa intaneti kuposa mmene anafunira, ndipo ine ndiwo zinandipserera kawiri ndikunena kuti kanema mmodzi yekha basi.

Mbali yoika malire ndiyo yofooka. Ndinapatsa TikTok mphindi 30 patsiku, ndipo zikakwana chizindikiro chake chimatuwa mpaka pakati pa usiku, koma amene waika malirewo ndiyenso angawachotse, zimene ndinachita tsiku lachitatu lomwe. Chimene chandithandiza ndi Bedtime mode, imene imachotsa mitundu yonse pagalasi nthawi yogona ikakwana. Kanema wotuwa ngati phulusa sakoma kuonera, choncho masiku ano pofika 10 koloko foni imakhala ili patebulo, ndipo bando imene inkatha masiku atatu ikufika Loweruka.