Crawling, scraping kapena API: iti ingatithandize kuno kuchigwa?

Mnzanga wina wa ku Nchalo anaona mawu akuti web scraping pa chidziwitso cha ntchito, n'kuthamangira ku dikishonale. Anapeza kuti scraping ndi kupala, crawling ndi kukwawa, ndipo anabwerako ali wosokonezeka kuposa poyamba. Mawuwa, pamodzi ndi lina lakuti API, amamveka ukaona ntchito yake, choncho tiwayese pa chinthu chimodzi: kudziwa mvula yomwe ikubwera ku Nsanje, nkhani imene sitiitenganso mopepuka chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

Crawling ndi khoka. Pulogalamu imatsegula tsamba, n'kutsata link iliyonse kupita ku masamba ena, osatopa. Googlebot wa Google amagwira ntchito imeneyi. Koma amene anakokapo khoka ku Elephant Marsh akudziwa kuti limabwera ndi matope ndi udzu womwe. Pa bandulo ya Airtel kapena TNM, imeneyi isiyeni.

Scraping ili ngati kutola thonje: mumatenga choyera chokha, mtengo n'kuusiya m'munda. Mumauza pulogalamu kuti pa tsamba lakuti itenge nambala ili pamalo akutiakuti, tsiku ndi tsiku. Ambiri amailemba mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, pogwiritsa ntchito BeautifulSoup, chida chosankhira zinthu pa tsamba. Ubwino wake, imagwira ngakhale mwini tsamba sanakukonzereni njira. Koma akangosintha kaonekedwe ka tsambalo, pulogalamu yanu imabwera chimanjamanja, kapena kukupatsani nambala yolakwika osakuuzani. Pa nkhani ya madzi osefukira, chimenechi n'chimene chimandiopsa kwambiri. Palinso za ulemu. Masamba ambiri ali ndi kafayilo kotchedwa robots.txt, kachitidwe koyamba mu 1994, konena malo amene mapulogalamu sayenera kulowa. Facebook imaletsa kutola zinthu mwanjira imeneyi popanda chilolezo, ndipo manambala a foni a anthu si thonje loti aliyense atole.

API ndi zenera limene mwini wake watsegula dala, ngati la pa depoti. Mumapempha motsatira dongosolo lake, iye n'kukupatsani zosanjidwa kale, nthawi zambiri mu JSON, kalembedwe kamene mapulogalamu amawerenga mosavuta, popanda zithunzi zodya bandulo. Mwachitsanzo, API ya zanyengo ya Open-Meteo mukaipatsa latitude ndi longitude ya Nsanje, manambala osonyeza pamene malowa ali pa mapu, imakubwezerani zanyengo za masiku 7, kwaulere ngati si zamalonda. Kuipa kwake, mumalandira zokhazo zimene mwini wake wafuna kupereka, ndipo ma API ena amafuna key (nambala yachinsinsi yokuzindikirani) kapena ndalama.

Ine ndimayamba ndafufuza ngati API ilipo. Scraping ndimaigwira pokhapokha zenera palibe, ndipo ndimayamba ndawerenga robots.txt. Mnzanga uja anafunsanso ngati njirazi zingamuuze mtengo wa chitowe pa msika wa Ngabu lero. Zonse zitatu zimatola zimene wina walemba kale pa intaneti, ndiye ngati palibe walemba, ndinamuuza kuti aimbire foni wogula pamsikapo.