Tamiflu, Xofluza kapena okosijeni: ndalama yokonzekera mliri wa chimfine ipite kuti?

Juni akafika kuno ku Mzuzu, kuchokera ku Chibanja mpaka ku Luwinga anthu amangofwenthera, ndipo pakatha sabata amachira okha. Chomwe chimationetsa maso ife a ntchito za mankhwala ndi chimfine cha mtundu wina, chija chimadza kamodzi pa zaka zambiri: cha 1918 chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, cha H1N1 bungwe la WHO linachilengeza kuti ndi mliri mu Juni 2009. Ndalama ndi yochepa. Tisunge chiyani m'nkhokwe?

Ambiri amathamangira Tamiflu, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka chimfine, dzina lake lenileni oseltamivir. Munthu wamkulu amamwa kapisozi wa 75 mg kawiri pa tsiku kwa masiku asanu. Safuna firiji, amasungika zaka zingapo, ndipo makampani a ku India amapanga wotsika mtengo. Koma mverani zomwe zinachitika ku Britain. Boma lawo linawononga mapaundi 424 miliyoni kuunjika Tamiflu. Mu 2014 akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, atalimbana ndi kampani ya Roche, yopanga Tamiflu, kwa zaka kuti iwapatse zotsatira zonse za kafukufuku, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa kudwala kwa munthu wamkulu kuchoka pa masiku 7 kufika pa 6.3. Tsiku limodzi silikwana! Ena amachitanso nseru ndi kusanza. Mu 2017 WHO inawachotsa pa mndandanda waukulu wa mankhwala ofunikira n'kuwasiyira odwala kwambiri.

Sindikuti ndi opanda pake. Kafukufuku wa odwala omwe anagonekedwa m'zipatala pa mliri wa 2009 anaonetsa kuti imfa zinachepa mwa omwe anapatsidwa, makamaka akayamba msanga. Pa mawu oti "msanga" ndi pomwe pagona vuto lathu. Tamiflu amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48. Nanga ife timatani? Tsiku loyamba Panado. Lachiwiri mandimu ndi jinja, kenako kudzifukiza ndi masamba a bulugama. Lachitatu tikayezetse malungo. Pomwe wa ku Chitipa kapena ku Likoma azifika ku Mzuzu Central Hospital, maola aja anatha kalekale, matenda alowa m'chifuwa.

Relenza, mankhwala enanso a chimfine, sindichedwa naye. Ndi ufa wokoka ndi mpweya kudzera m'kachipangizo, ndipo amatha kubanikitsa munthu wa mphumu. Kuphunzitsa gogo wa ku Ekwendeni kakokedwe kake pomwe mzere wafika panja ndi ntchito ina payokha.

Xofluza, kapena baloxavir, anatuluka mu 2018 kuchokera ku Japan, ndipo amakopa chifukwa amamwedwa kamodzi basi. Aliyense amene anaonapo wodwala akusiya mankhwala pa tsiku lachitatu kuti otsala asungire mwana akudziwa phindu lake. Koma mtengo wake ndi wa mayiko olemera, nayenso amafuna maola 48 omwewo, ndipo kachilombo kamaphunzira kumuzemba, makamaka mwa ana. Kuzembaku sikwachilendo: chimfine wamba cha H1N1 cha nyengo ya 2008 mpaka 2009, osati cha mliri chija, chinali chitasiya kumva Tamiflu pafupifupi chonse, ndipo amantadine, mankhwala akale a chimfine, anasiyidwa pa chifukwa chomwechi. Ukhoza kudzaza nkhokwe, mliri n'kubwera ndi kachilombo kosamva zomwe wasunga.

Tsono taonani okosijeni ndi mankhwala a chibayo monga amoxicillin ndi ceftriaxone. Izi sizipha kachilombo ka chimfine, n'zoona. Koma ambiri mwa omwe anafa mu 1918 anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chomwe chinadza pambuyo pa chimfine. Ndipo tonse tikukumbukira Januwale 2021, pomwe Covid-19 inatenga nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi, abale a odwala akusakasaka masilinda a okosijeni. Makina a okosijeni sadikira mliri: lero athandiza khanda lobadwa masiku osakwana, mawa wodwala TB. Amoxicillin amatuluka m'sitolo tsiku lililonse, ndiye umangosintha wakale ndi watsopano. Tamiflu amangokhala pa shelufu kudikira tsiku lake lotha ntchito, ndipo ife Amalawi tikudziwa ululu wake: mu Meyi 2021 tinawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 atapitirira nthawi. Okosijeni nayenso ali ndi zake, amafuna magetsi osazimazima, jenereta, dizilo ndi amisiri okonza.

Katemera wogwirizana ndi mliri watsopano sangasungidwiretu, poti amapangidwa kachilombo katsopano katadziwika, ndipo zimatenga miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Akanandipatsa thumba ine, gawo lalikulu likanapita ku okosijeni, mankhwala a chibayo ndi timakina topanira ku chala toyezera mpweya m'magazi, mpaka ku zipatala zing'onozing'ono. Oseltamivir wotsika mtengo ndikanagula wochepa, wa ogonekedwa, amayi oyembekezera ndi anamwino, n'kumugawiratu ku Karonga, Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay osati kumutsekera ku Lilongwe. Xofluza adikire kaye mtengo utsike.