Tesita yolira yosakhudza waya ndi yabwino, koma samalani nayo pa chiperoni

Anzanga okonza magetsi kuno ku Mulanje akhala akundifunsa za katesita konga cholembera kamene ndimakoleka pathumba la malaya. Ndinakagula ku Limbe pamtengo wosaboola m'thumba. Kamayendera mabatire awiri a AAA, ndipo papaketi analemba kuti kamamva kuyambira 90V mpaka 1000V.

Tesita yakale ija ya sikuludiraiva imafuna mukhudze waya wosenda. Aka ayi. Mumangoyandikiza nsonga yake pachingwe, ngati muli moto kamalira ti-ti-ti n'kuyatsa nyali yofiira. Kamamva mphamvu yosaoneka imene imazungulira waya wamoto. Magetsi a ESCOM a 230V amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, n'chifukwa chake mphamvuyo imamveka kunja kwa pulasitiki, ndipo thupi la wogwira katesitako limathandizira kuti kamve. Chingwe cha ayironi chikadukira m'kati, ndimangokayendetsa m'mbali mwake mpaka kasiye kulira, podukapo ndi pomwepo. Pa ntchito imeneyi yokha ndalama yanga inabwerera.

Nkhani imavuta mu June ndi July, chiperoni chikaphimba phiri ndi minda ya tiyi. Amene munadutsapo pafupi ndi nthambo zikuluzikulu za magetsi m'mawa wa nkhungu munamva zikuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Timadontho ta madzi tomwe tamatirira pawaya timaunjika mphamvu malo amodzi, mpweya wapafupi n'kuyamba kudutsitsa magetsi pang'onopang'ono. Wailesi mukaiika pa AM pamalo otere imangoti phwee. Chonde, katesita aka si ka nthambo zimenezo, musayerekeze dala.

Chinyontho chomwecho chimalowa m'nyumba. Ku Chitakale ndinapeza khoma lonyowa likuliza katesita kuyambira pasoketi mpaka pafupi ndi zenera. Mwini nyumba anati, "Bambo, ndiye kuti nyumba yonse ili ndi moto?" Kulira kotere nthawi zina ndi magetsi othawadi, nthawi zina ndi katesita komva msanga. Chosiyanitsa ndi multimeter basi, chipangizo choyezera kuchuluka kwa magetsi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene kali chete. Waya akadutsa m'paipi yachitsulo sikamva. Magetsi a batire ndi a mapanelo a sola ndi a mtundu wa DC, oyenda kulowera mbali imodzi yokha, ndipo sikawamva ngakhale pang'ono, pomwe nyumba zambiri zakumudzi kuno zili pa sola. Mabatire ake akafooka kamakhalanso duu. Ndiye musanakakhulupirire, yambani mwakayesa pasoketi imene mukudziwa kuti ili ndi moto, ndipo muzimitsebe pa main switch musanagwire waya ndi dzanja.

Kulira kwake n'kotsika. Mvula ikamagwa padenga lamalata mumadalira nyali yokha. Pogula, funsani kokhala ndi batani lochepetsera kamvedwe kake, n'kamene kangapirire chinyontho cha kuno.