Stent ya silikoni, ya chitsulo kapena chubu cha T: zomwe ndaona kwa alamu anga

Anzanga a ku Ulongue ndi ku Tsangano mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za kachubu kamene alamu anga amayenda nako pakhosi, ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Atachita ngozi ya njinga yamoto anakhalitsa pa makina opumira, ndipo chubu cha makinawo chinawasupula mkati mwa njira ya mpweya. Bala litapola, chipsera chinafinya njirayo munsi mwa kholingo. Poyamba ankangopatsidwa mankhwala a mphumu, poti kulira kwa mpweya kumafanana. Chifuwa chachikulu nachonso chimasiya chipsera chotere.

Mankhwala enieni ndi opaleshoni yodula pofinyikapo n'kulumikiza mbali ziwirizo. Njira ya mpweya ya munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12, ndipo madokotala amatha kudula pafupifupi theka. Akakuuzani kuti kwa inu n'zotheka, vomerani, za stent (kachubu koikidwa mkati mwa njira ya mpweya kuti isafinyike) muiwale. Kwa alamu chipsera chinali chachitali komanso pafupi kwambiri ndi potulukira mawu, ndiye madokotala anakana kudula. Kufutukula ndi baluni kunkawapatsa mpumulo wa masabata ochepa, kenako befu n'kubwerera.

Stent ya chitsulo sindiiwerengera n'komwe. Kuika n'kosavuta, koma mnofu umamera kulowa m'timaenje take, ndipo kuichotsa kumatha kung'amba njirayo. Mu 2005 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zida zachipatala ku America, linachenjeza madokotala za kuigwiritsa ntchito kwa odwala amene vuto lawo si khansa. Munthu wa chipsera, amene akali ndi zaka zambiri kutsogolo, asaifune.

Imene inatikopa ife inali ya silikoni, ija ya Dumon, dokotala wa ku Marseille amene anailengeza mu 1990. Ndi kachubu kofewa kokhala ndi timabatani kunja kuti kagwire, ndipo kamakhala mkati monse. Pakhosi palibe chibowo, munthu amayankhula, kutchalitchi palibe womuyang'anitsitsa. Dokotala amene anatilongosolera anatchula ubwino wonsewu, koma za mtengo weniweni sanatiuze. Mtengowo suli pa kachubuko. Kuika, kusuntha kapena kuchotsa kumafuna kumugonetsa munthu ndi mankhwala n'kulowetsa chida cholimba choonera mkati, ndipo zimenezo si za pachipatala chaching'ono. Ukachokera ku Angónia ndiye kuti ulendo wa ku Beira kapena Maputo, apo ayi kuwoloka pa Calómuè kukafuna thandizo ku Malawi. Werengani chapa cha anthu awiri, pogona, chakudya, ndi mbatatesi zosapalira kumunda. Ndalama zathu zinathera pamenepo.

Ndipo ulendowo subwera pa tsiku limene mwakonzekera. Stent yoikidwa pafupi ndi kholingo imakonda kusuntha, chifukwa pamenepo pamagwedezeka munthu akamameza ndi kukhosomola. Kumapeto kwake kumameranso timinofu. Choopsa kwambiri ndi makhololo: mkati mwa silikoni samatsetsereka bwino, amauma n'kumatirira. Amati muzifukiza madzi amchere ndi makina tsiku lililonse, koma makinawo amafuna magetsi. Nanga kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala, kapena fumbi la malasha ku Moatize? Ikatseka usiku, inu wosamalira mulibe chochita, chifukwa simungaifikire. Ine ndinaona munthu akubanika, maso atatuluka, ndili chiimire ndi tochi m'manja. Mpaka lero mtima wanga sunaikhululukire stent imeneyo.

Panopa ali ndi chubu cha T, chimene anayambitsa William Montgomery ku Boston m'zaka za m'ma 1960. N'chasilikoni chomwecho, koma mkono umodzi umatulukira pakhosi. Mkonowo umachigwira kuti chisasunthe. Ukhala wotseka ndi kachivindikiro, munthu n'kumapumira m'mphuno ndi kuyankhula bwinobwino. Ukausiya potsegula mpweya wouma umaumitsa makhololo, ndiye musamatero. Zikavuta mumatsegula, kudonthezamo madzi amchere ndi kuyamwa makhololo ndi kachubu, pakhomo pomwepo. Nachonso chimatha kutseka, chimafunika kukasinthitsa, ndipo alamu sasiya mpango pakhosi chifukwa cha maso a anthu pamsika. Zosambira mumtsinje anasiya. Koma usiku achemwali anga amagona.

Chubu wamba cha tracheostomy, cholowetsedwa pa chibowo choboola pakhosi, chimapulumutsa moyo ndipo chamkati chake chimatsukika mosavuta, koma ngati pamwamba patsekeka kwambiri mawu amasowa.

Wokhala pafupi ndi chipatala chachikulu, amene chipsera chake chili m'munsi kutali ndi kholingo, ya Dumon ingamuyanje. Ife a kuno kumapiri ndimati chubu cha T. Musanasaine pepala lililonse, afunseni adokotala kuti ikatseka Loweruka usiku adzaichotse ndani, ndipo kuti.