Royal Navy kapena US Navy: yankho langa kwa inu mumandifunsa

Funso ili limabwera kawirikawiri pa WhatsApp, kuchokera kwa ana a azakhali, anzanga akusukulu, ngakhalenso makolo ofunsira ana awo: mwana wofuna usilikali wapamadzi alowere ku Britain kapena ku America? Ine ndinavala yunifolomu ya Royal Navy, ndipo msuweni wanga ali mu US Navy ku Norfolk, Virginia. Za kukula kwa sitima ndi mizinga sindinenapo, mukaonera nokha pa YouTube. Chimene chimakweza kapena kugwetsa msilikali wamba ndi mapepala, ndiye ndinena za mapepala.

Tiyambe ndi khomo lolowera. US Navy silemba mlendo wopanda green card (chilolezo chokhazikika ku America), ndipo sikuthandizani kuipeza. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akulembetseni muli ku Lilongwe, ameneyo ndi mbava. Britain imalemba nzika za maiko a Commonwealth, ndipo mu 2018 inachotsa lamulo loti munthu ayambe wakhala m'dzikomo zaka 5. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali momwemo. Zimbabwe inatuluka mu 2003, choncho abale athu a ku Harare njira iyi sangadutsire. Malo ndi ochepa, amatsegula n'kutsekanso, tikiti ya ndege mumagula nokha, komanso pamafunika munthu wokusungani ku Britain pa nthawi yoyesedwa. Maphunziro oyamba, kaya ku HMS Raleigh ku Cornwall kaya ku Great Lakes ku Illinois, ndi a miyezi iwiri ndi masabata pang'ono, ndipo konse kumazizira.

Pa nkhani yokwezedwa udindo, America ili ndi dongosolo loti ukhoza kuliwerengera ndi zala. Kuyambira July 2024, msilikali wa US Navy woyambira pa udindo wotsikitsitsa wa E-1 amafika pa E-2 pakatha miyezi 9, E-3 pakatha 18, ndipo E-4 pakatha miyezi 30, bola mbiri yake ikhale yoyera. Kupitirira apo ambiri amadutsa m'mayeso a March ndi September, ndipo malikisi amaphatikizidwa ndi malipoti a kagwiridwe ka ntchito ndi mamendulo. Ukhoza kukhoza mayeso koma osakwezedwa chifukwa malo pa ntchito yako ndi ochepa chaka chimenecho. Zimawawa, komabe umaona pamene waperewera.

Kwathu ku Royal Navy zonse zimagona pa lipoti la pachaka lotchedwa SJAR, limene limasungidwa mu kompyuta ya JPA. Akuluakulu osankha anthu oti akwere kuchoka pa udindo wotsikitsitsa wa Able Rate kupita pa wotsatira wa Leading Hand sakuonani nkhope, amawerenga zimene abwana anu awiri analemba. Pa kabokosi konena ngati muli woyenera kukwezedwa, bwana akalemba "Yes" m'malo mwa "High", chaka chingathe kukudutsani muli pomwepo. Anyamata akwathu ambiri tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiye amangovomereza lipoti osaliwerenga bwinobwino. Chonde, werengani mzere uliwonse. Ngati munaphunzitsa achinyamata atsopano kapena munagwirizira ntchito ya munthu waudindo woposa wanu koma sizinalembedwe, kafunseni mwaulemu lipotilo lisanatsekedwe. Apa ndimapereka ulemu kwa America, ngakhale mtima wanga uli ku Portsmouth, kudoko la Royal Navy.

Tsopano pamene pamapweteka. Ukakhala pa ntchito mu Royal Navy, malamulo a alendo sakukhudza, ndipo umaiwala kuti ndiwe mlendo. Tsiku lovula yunifolomu ufulu umenewo umatha. Amene watumikira zaka 4 amaloledwa kupempha chilolezo chokhazikika ku Britain, koma kwa nthawi yaitali chinali cholipira, mapaundi 2,389 munthu mmodzi. Anthu anadandaula kwambiri mpaka mu April 2022 boma linachotsa ndalamazo kwa amene atumikira zaka 6, kapena amene achoka chifukwa chovulala kapena kudwala kochokera ku ntchito. Nkhaniyi inamveka ngati yatha, ndipo kumudzi anthu anamva kuti mapepala ndi aulere. Koma chisomo cha 2022 chija chinali cha msilikali yekha, mkazi ndi ana sanaikidwemo.

Tawerengerani nokha. Pofika April 2025 chilolezo chokhazikikacho chinali pa mapaundi 3,029 pa mutu uliwonse. Mayi ndi ana awiri ndi mapaundi 9,087. Musanafike n'komwe pamenepo, mwalipira kale pafupifupi mapaundi 2,000 pa munthu aliyense kuti alowe m'dzikomo, ndipo kuti akuloleni kuitana banja, malipiro anu ayenera kufika pa mlingo umene mu April 2024 anauika pa mapaundi 23,496 pachaka. Ndinaonapo mnzanga wina atakhala pa bedi lake m'sitima usiku, akulemba manambala amenewa kumbuyo kwa envelopu, kufufuta, kulembanso, kufuna kuona ngati angayambe kuitanitsa mwana wamkulu, wamng'ono atsale kwa agogo. Munthu amene anakhala miyezi panyanja kutumikira dziko limenelo sayenera kusankha pakati pa ana ake. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Chabwino chimodzi n'chakuti mabanja a asilikali salipira ndalama yowonjezera ya zachipatala imene alendo ena amalipira.

Ku America msilikali amapempha unzika osalipira kalikonse pa fomu ya N-400, akangopereka N-426 yotsimikizira kuti akutumikira mokhulupirika. Lamulo la masiku wamba limafuna chaka chimodzi cha utumiki, ndipo pali lina la nthawi ya nkhondo, logwira ntchito kuyambira September 11, 2001, limene silidikira chakacho. Msuweni wanga analumbira unzika ali ndi yunifolomu. Dziwani chabe kuti musanakhale nzika, ntchito zokhudza zinsinsi za boma simungapatsidwe, ndiponso aliyense wolowa usilikali kumeneko amadzimanga zaka 8 zonse pamodzi, zina ali pa ntchito, zotsalazo ali pa mndandanda woitanidwa kukavuta.

Penshoni ya Britain, AFPS 15, sakudulani kalikonse pa malipiro. Ya America kuyambira 2018 imafuna kuti inunso muziponya zanu mu TSP (thumba losungira ndalama za penshoni) kuti boma liwonjezere zofika 5 peresenti. Pa sukulu, GI Bill, ndondomeko ya America yolipirira asilikali miyezi 36 ya maphunziro, ilibe inzake.

Ndiye yankho langa ndi ili. Ngati muli ndi green card kale, makamaka ngati muli pabanja, pitani ku US Navy, musataye nthawi. Ngati muli ku Blantyre, Chipata kapena Tete ndipo mulibe njira ya ku America, Royal Navy ndiyo ingakulandireni, ndipo ine ndingalowenso mawa. Koma lowani musanakwatire ngati n'kotheka, konzekerani kukwanitsa zaka 6, ndipo kuyambira malipiro oyamba muzipatula ndalama za mapepala a banja pa akaunti yosiyana ndi imene mumatumizira kumudzi.