Kiliniki ya pulaiveti pa Salima boma: bilu imawawa koma anesi ake amadziwa ntchito

Amene mumafunsa ngati nkoyenera kukalipira ku kiliniki ya pulaiveti ija ya pa boma chonsecho chipatala chachikulu cha Salima chaulere chili pompo, ine ndinene kuti nyumba yake ndi wamba, mabedi ndi omwewa, mankhwalanso ndi omwewa timawadziwa. Ndalama yanu ikugula anesi basi. Dzina la malowo ndilisunga chifukwa ndili ndi madandaulo angapo, koma zabwinozo ndizinena zonse.

Mwana wanga wamkazi anagonekedwa kumeneko ndi malungo aakulu nthawi ya mvula yapitayi, thupi moto, olo madzi akumwa akusanza. Tinachokera njira ya ku Senga Bay pa kabaza ine mutu usakugwira, ndimangofuna amubaye jekeseni nthawi yomweyo. Asisita tinawapezawo anayamba ndi mafunso. Kutenthaku kwayamba liti, wakomokako, wakodza liti komaliza, mwampatsa chani kunyumba. Nditati Panado anafunsa kuti nthawi yanji, theka kapena piritsi lonse, nkulemba. Kenako anatsitsa mawu nkuti, "Mayi, ngati munampatsako zitsamba nenani, palibe akukalipireni pano, tikungofuna tidziwe zili m'mimbamo." Anafunsanso ngati pali mankhwala anamutulutsapo ziwengo, ngati Bactrim uja. Pakamwa pakufunsa choncho manja ali pa ntchito, chopimira kutentha kukhwapa, kutsitsa chikope kuona magazi, kuwerenga kapumidwe maso ali pa kawotchi ka pachifuwa, kubaya chala kuyeza malungo ndi shuga. Za shugazo ndinadabwa nazo, nde anati malungo aakulu amagwetsa shuga mwa ana ndipo mwana atha kukomoka ndi zimenezo inu mukuyesa kuti ndi kutentha thupi kokha.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi sikelo. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa makilo 13, a kalekale nthawi imene timapita naye ku sikelo ya ana. Asisita anawerenga, nkumunyamulabe kukamukweza pa sikelo, inaloza 18. Abale kusiyana kumeneku si kwamasewera, LA, mapiritsi a malungo aja, amaperekedwa potengera kulemera: makilo 5 mpaka 14 piritsi 1, makilo 15 mpaka 24 mapiritsi 2, 25 mpaka 34 mapiritsi 3, ndipo kuyambira 35 ndi 4 ngati wamkulu. Jekeseni wa artesunate nayenso amawerengetsa pa kilo, mwana wosakwana makilo 20 amalandira 3 mg pa kilo iliyonse. Akanangokopera za m'bukumo mwana wanga bwenzi atamwa theka la LA wake, ife nkumati mankhwala a masiku ano sagwira.

Adokotala atalemba zawo nkutuluka, asisita aja anakhala pa bedi nkundiuza dongosolo lonse mwa Chichewa chomveka. Jekeseni katatu kudzera pa kanula, kapaipi kamene amakalowetsa mu mtsempha wa padzanja, woyamba pompano, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24, akayamba kusunga chakudya m'mimba nde ayambe LA. Usiku umenewo amafuna zinthu zitatu, thupi lizizire, kusanza kuleke, akodze, ndipo anandipatsa ntchito yoti akakodza ndiziwauza. Nthawi zonse anazilemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi, moti inenso ndimadziwa kuti jekeseni wachiwiri agwera cham'ma 2 usiku.

Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa mtima umene umakhala nawo pa jekeseni wa pakati pausiku. Anabwera. Anali anesi aamuna a shifiti ya usiku, anasamba m'manja, nkundifunsa dzina la mwana ndi la bambo ake ngakhale mu wodimo ana anali owerengeka, nkuyerekeza ndi pepala, nkuwerenga kabotolo pafupi ndi nyali mpaka deti yake yothera. Artesunate amabwera wa ufa, nde anasungunulira pompo ine ndikuona, kukhutchumula mpaka kuyera mbee, kuyang'ana kaye ngati kanula ali bwinobwino, kubaya pang'onopang'ono uku akumunyengerera kuti "usaope iwe, tatha kale". Kulemba analemba atamaliza kubaya, osati asanabaye.

Ndiye pali kubwerera kudzaona wodwala. Akapereka Panado samapita ulendo, pakapita nthawi amabweranso ndi chopimira kuona ngati kutentha kwatsika. M'mawa asisita anagwira dzanja la kanula nkuona kuti layamba kutupa ine ndisanazindikire nkomwe, anachotsa nkuika dzanja linalo. Posinthana shifiti amaima onse pa bedi kufotokozerana, wasanza kangati, wakodza kangati, wadya chani, ine nkumawonjezerapo pamene aiwala ndipo amandimvera. Mng'ono wanga amene akuphunzira unamwino nditamufotokozera anati zimenezo ndi zomwe amawaphunzitsa, amati nursing process, kufufuza wodwala, kutchula vuto lake, kukonza dongosolo, kuchita, kenako kubwerera kukaona ngati zathandiza nkusintha pofunika kusintha. Pakhoma panalinso masatifiketi awo a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndinawawerenga usiku tulo titakana.

Madandaulo tsopano. Bilu imabwera ngati nambala imodzi, osasiyanitsa kuti bedi zingati, jekeseni zingati, zoyeza zingati, mpaka uchite kuumirira nde akulembere, ndipo sakuuza mtengo poyamba. Neti ya pa bedi lathu inali yobooka, mu wodi ya ana odwala malungo, ku Salima kuno kumene udzudzu sugona, zimenezi sindikuzimvetsa mpaka lero. Usiku nesi ndi mmodzi yekha, tsiku lina kunabwera munthu wa ngozi tonse tinadikira, iyeyo si wolakwa koma eni malo alembe wina ndalama akulandira. Pa windo la mankhwala napo mnyamata wake anangoponya paketi walemba 2x2 nkuitana wotsatira.

Paketi yomweyo asisita anandilanda pakhomo potuluka nkuyambanso nane. Mapiritsi 2 pano, ena 2 pakatha maola 8, mawa ndi mkuja m'mawa ndi madzulo, onse pamodzi maulendo 6 ndipo amalize olo aoneke kuti wachira akusewera. Amwe atadya kenakake ka mafuta, mkaka kapena phala la nsinjiro, chifukwa LA salowa bwino m'thupi pa mimba yopanda kanthu. Akasanza asanathe mphindi 30 abwereze. Akadzayamba kuyera m'manja ndi m'maso kapena mkodzo kuda masabata akubwerawa tibwerere msanga akayeze magazi. Atatha anati, "Tandibwerezereni mayi, ndimve ngati ndafotokoza bwino," ndinabwereza zonse iwo akugwedeza mutu. LA tinayamba kumwa mu 2007 atasiya Fansidar koma za maola 8 zija ndi chifukwa cha mafuta palibe anandikhazikapo pansi chonchi.

Kubwererako ndidzabwererako mwana akadzadwalanso chonchi, koma nditanyamula neti yanga, ndipo mtengo ndidzafunsiratu pa resepushoni andilembere papepala.